Akhristu odzipereka kusamalira odwala mwakayakaya m'zipatala za kunja: kodi ntchito imeneyi ndi yotani?

Nkhani ya Akhristu amene amasiya kwawo n'kupita kukatumikira odwala mwakayakaya m'zipatala za m'mayiko ena imatipeza kuno ku Zomba kuchokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya alendo ochokera ku Ulaya, ku America ndi ku Korea amene timawaona m'zipatala za mishoni, ena atavala zoyera za madokotala, ena atangonyamula Baibulo ndi buku la nyimbo. Mbali yachiwiri, imene yayamba kumveka kwambiri masiku ano, ndi ya achinyamata athu ndi anamwino opuma pantchito amene amamva kutchalitchi kapena pa WhatsApp kuti kuli mwayi woti nawonso akatumikire kunja. Nkhaniyi ikabuka, ena amati imeneyi ndi ntchito yopatulika yosayenera kuikayikira, pamene ena amati ndi ulendo wokaona malo chabe umene wabisala m'dzina la Mulungu. Kawirikawiri magulu awiriwa sakhala akunena za anthu amodzimodzi, chifukwa odziperekawo amasiyana maphunziro, amasiyana ntchito, ndiponso amasiyana kutalika kwa nthawi imene amakhala pafupi ndi wodwala.

Odziperekawo ndi ndani

Gulu loyamba ndi la amishoni okhazikika. Awa amatumidwa ndi mpingo kapena chipani cha ansembe ndi masisitere, amakhala zaka zambiri pamalo amodzi, amaphunzira chilankhulo, ndipo ena amaikidwa m'manda komweko. Robert Laws, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndipo chaka chotsatira anachita opaleshoni atagoneka wodwala ndi mankhwala a chloroform, anakhala m'dziko muno zaka zoposa 50. Wa masiku athu ano ndi namwino wa ku Korea, Baek Young-shim, amene ntchito yake inabala chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe chimene chinatsegulidwa mu 2008.

Gulu lachiwiri ndi la akatswiri a zachipatala amene ali ndi ntchito kwawo koma amatenga tchuthi cha masabata angapo kuti akathandize kwina. Chitsanzo chodziwika ndi bungwe la Mercy Ships, limene linayamba mu 1978 ndipo limayendetsa sitima zapamadzi zokhala ndi zipinda za opaleshoni. Sitimazi zimakocheza m'madoko monga Freetown, Dakar ndi Toamasina, ndipo ambiri mwa ogwiramo ntchito salandira malipiro.

Gulu lachitatu, limene nkhani ino ikhalitsepo, ndi la anthu opanda maphunziro a zachipatala: ophunzira, aphunzitsi, akalaliki, amayi ndi abambo opuma pantchito. Gululi linakula pamene maulendo a pandege anatsika mtengo, chifukwa munthu amatha kupita, kukatumikira mwezi umodzi n'kubwerera kuntchito yake. Mavuto ambiri amene timawamva pa nkhani amachokera pamene munthu wa gulu lachitatuli wayamba kuchita ntchito ya gulu lachiwiri.

Mpofunika kukumbukiranso kuti mmishoni sakhala mzungu nthawi zonse. David Kaunda anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kupita ku Chinsali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wochokera kudera la Nkhotakota, anakatumikira ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia mpaka imfa yake mu 1913. Pamene zigawenga zinalowa m'nyumba yosamaliramo okalamba ku Aden m'dziko la Yemen mu March 2016, mwa masisitere anayi amene anaphedwa awiri anali a ku Rwanda, mmodzi wa ku Kenya ndi mmodzi wa ku India.

Kumene mwambowu unachokera

Akhristu amene amachita utumikiwu amaloza ku mutu 25 wa Mateyu, kumene kuzonda wodwala kumawerengedwa ngati kuzonda Khristu mwini, ndi ku fanizo la Msamariya amene anasamalira munthu wa mtundu wina n'kumulipirira pogona. Cha m'ma 370 bishopu Basil wa ku Caesarea, m'dziko limene lero ndi Turkey, anamanga kunja kwa mzinda malo osungirako odwala, akhate ndi apaulendo, ndipo olemba mbiri ambiri amawerengera malowo pakati pa zipatala zoyambirira. Patapita zaka zoposa 1,000, Camillus de Lellis, msilikali amene anagonekedwa m'chipatala cha ku Rome chifukwa cha bala la pamwendo limene silinkapola, ananyansidwa ndi nkhanza za ogwira ntchito m'chipatalamo ndipo anasonkhanitsa amuna ovala mtanda wofiira pachifuwa amene ankalumbira kutumikira odwala ngakhale moyo wawo utakhala pachiswe. Chipani china cha nthawi yomweyo, cha John of God wa ku Granada, ndi chimene lero chimasamalira odwala matenda a muubongo ku Mzuzu. Damien, wansembe wa ku Belgium, anapita kwa akhate a pachilumba cha Molokai ku Hawaii mu 1873 ndipo anafera komweko ndi khate mu 1889.

Kuno kwathu chipatala ndi mishoni zinabwera pamodzi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Domasi mu 1884, ndipo mpaka lero anthu a m'boma la Zomba amadalira chipatala cha St Luke's ku Malosa cha mpingo wa Anglican ndi cha Pirimiti cha Akatolika kuwonjezera pa chipatala chachikulu cha boma. Zipatala za mipingo zili pansi pa bungwe la CHAM, limene linayamba mu 1966 ndipo limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Kusiyana kwa lero ndi kale n'kwakuti zipatalazi tsopano zimayendetsedwa ndi Amalawi, choncho mlendo amene wafika salinso mwini ntchito monga analili Laws, koma ndi wothandizira pansi pa oyang'anira a komweko.

Kusamalira munthu amene sachira

Wodwala mwakayakaya akhoza kukhala pa imodzi mwa njira ziwiri. Wina ali pangozi koma akhoza kuchira akalandira chithandizo choyenera msanga, monga mwana wa malungo a muubongo kapena mayi amene wataya magazi ambiri pobereka. Wina ali ndi matenda amene madokotala sangawachiritse, monga khansa imene yafalikira kapena impso zimene zasiya kugwira ntchito. Woyambayo amafunika akatswiri, zipangizo ndi changu, ndipo munthu wosaphunzira zachipatala ali ndi zochepa zoti achite pa iye. Wachiwiriyo ndi amene odzipereka ambiri amatumizidwako, ndipo chimene amafunika ndi chisamaliro chochepetsa ululu ndi kumuthandiza kukhala mwaulemu masiku amene amutsalira.

Chisamaliro chimenechi monga tikuchidziwira lero chinakhazikitsidwa ndi Cicely Saunders, mayi wa ku England amene anayamba ngati namwino, kenako n'kuphunzira udokotala ali wamkulu kale. Mu 1967 anatsegula St Christopher's Hospice ku London. Anaphunzitsa zinthu ziwiri zimene zinasintha kasamalidwe ka odwala otere. Choyamba n'chakuti mankhwala amphamvu othetsa ululu, monga mofini, ayenera kuperekedwa pa nthawi yoikika ululu usanabwerere, osati kudikira kuti wodwala ayambe kubuula. Chachiwiri n'chakuti ululu wa munthu amene ali pafupi kufa suli m'thupi mokha, popeza umaphatikizapo mantha, nkhawa ya ana amene atsale, ngongole, mikangano ya pachibale imene sinathe, ndi mafunso a zauzimu. Saunders anali Mkhristu wolimbikira, koma analimbikira kuti chikondi chopanda luso sichikwanira.

Mu Africa bungwe loyamba la mtunduwu linali Island Hospice ya ku Harare mu 1979. Mu 1993 dokotala Anne Merriman, amene paunyamata wake anatumikirapo ku Nigeria ngati sisitere wa mishoni, anayambitsa Hospice Africa Uganda ndi njira yotsika mtengo yosungunula ufa wa mofini m'madzi kuti wodwala azimwa kunyumba maola anayi alionse. Mu 2004 dziko la Uganda linalola anamwino ophunzitsidwa mwapadera kuti azilembera odwala mankhwalawa. Kuno ku Malawi kuli Tiyanjane ndi Umodzi pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso Ndi Moyo ku Salima imene inatsegulidwa mu 2007 ndi namwino Lucy Finch. Mu 2014 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unagwirizana kuti chisamalirochi chikhale gawo la ntchito zaumoyo za boma lililonse, komabe bungweli limati mwa anthu pafupifupi 56.8 miliyoni amene amachifuna chaka chilichonse, ndi 14 okha pa 100 alionse amene amachilandira.

Malo amene odzipereka ambiri a padziko lonse anapitako ndi Nirmal Hriday ku Kalighat mumzinda wa Kolkata, nyumba imene Mother Teresa anatsegula mu 1952 kuti anthu otoledwa m'misewu azifera pamalo aulemu. Mu 1994 Robin Fox, mkonzi wa magazini ya zachipatala ya The Lancet, anakayendera nyumbayi. Anayamikira ukhondo, kutsuka zilonda ndi kukoma mtima kwa masisitere ndi odzipereka, koma anadandaula kuti kunalibe mankhwala amphamvu othetsa ululu ndiponso kuti sankasiyanitsa bwino odwala amene akanachira ndi amene sakanachira. Oikira kumbuyo masisiterewo anayankha kuti malowo sanali chipatala koma pothawira anthu amene zipatala zinawakana, ndiponso kuti malamulo a ku India pa nthawiyo ankachititsa kuti mofini azivuta kupeza. Mkangano umenewu sunathe, ndipo ndi womwewo umene umabuka kulikonse kumene anthu amtima wabwino akusamalira odwala popanda dokotala pafupi.

Zimene wodzipereka amachita pambali pa bedi

Ntchito yeniyeni ndi yapansi ndipo siioneka bwino pachithunzi. Wodwala amene sangathe kudzitembenuza amafunika kumutembenuza maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe, kuti asachite zilonda m'chiuno ndi m'zidendene. Amafunika kumusambitsa ndi kansalu konyowa, kumusinthira zofunda zimene waipitsira, kumudzutsa pang'ono asanamwetsedwe phala kuti lisamulowere kukhosi kolakwika, ndipo akafika posiya kumeza, kumunyowetsa milomo ndi thonje loviikidwa m'madzi. Pali kulembera wodwala uthenga wopita kwa mwana wake, kumuwerengera, kuitana namwino pamene kapumidwe kasintha, ndi kungokhala pampando osalankhula kanthu kwa ola lathunthu. Ophunzitsa odzipereka amati mbali yomalizayi ndi imene imavuta anthu ambiri achipembedzo, chifukwa anazolowera kuti wopita kwa wodwala ayenera kunyamula mawu.

Mmalawi aliyense amene anagonapo pawodi azindikira kuti zonsezi ndi ntchito za gadiyani. M'zipatala zathu wodwala amabwera ndi mayi ake, mlongo wake kapena mkazi wake, amene amayala chitenje pansi pambali pa bedi, amaphika kukhitchini ya magadiyani, amachapa ndi kukataya zoipa. Pa nthawi yoona odwala pamabwera amayi a Mvano, a Dorika, a Legio ndi anthu a m'miphakati atanyamula sopo, shuga ndi nyimbo. Edzi itafika pachimake m'zaka za m'ma 1990, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa kwaulere mu 2004, anali odzipereka a m'mipingo ndi m'midzi amene ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala amene zipatala zinawabweza kunyumba. M'mayiko ambiri olemera zinthu n'zosiyana, popeza achibale sagona pawodi, kusambitsa ndi kudyetsa ndi ntchito ya olembedwa ntchito, ndipo okalamba ambiri amatha masiku popanda wowazonda. Choncho wodzipereka wopita ku England kapena ku Germany amakapeza kuti chosowa ndi munthu wocheza naye, pamene wobwera ku Zomba amapeza anthu ocheza nawo alipo kale ambiri ndipo chosowa ndi mankhwala, magolovesi, mafuta a ambulansi ndi anamwino okwanira. Ndikuona kuti mfundo imeneyi siiganiziridwa mokwanira ndi mipingo imene imatumiza anthu, kaya ndi ya uko kapena ya kuno.

Malire a ntchito ndi chiphaso

Dziko lililonse lili ndi lamulo lonena kuti ndani angapime wodwala, kulemba mankhwala, kubaya jakisoni kapena kuika diripi. Kuno dokotala wochokera kunja, ngakhale atakhala katswiri wotani kwawo, ayenera kulembetsa ku Medical Council of Malawi asanagwire wodwala, ndipo namwino amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Namwino wa ku Zomba akapita kunja amakumana ndi lamulo lomwelo: chiphaso chake cha kuno sichimupatsa chilolezo cha komweko, ndipo mpaka atalembetsa amawerengedwa ngati wothandizira wamba. Kugwira ntchito kwaulere sikuchotsa lamuloli.

Zili ngati pamaliro a kumudzi. Mlendo akhoza kufika ndi mtima wachisoni kuposa aliyense, ndipo eni maliro amulandira kuti akhale pasiwa, atunge madzi kapena aimbe nawo, koma sangadzuke yekha n'kukaloza pokumba manda, chifukwa pali adzukulu ndi mfumu amene ntchitoyo ili m'manja mwawo.

Zimene zimachitika malirewa akaphwanyidwa zinaonekera ku Jinja m'dziko la Uganda. Renee Bach, mtsikana wa ku America amene analibe maphunziro a udokotala kapena unamwino, anayambitsa bungwe lachikhristu la Serving His Children mu 2009, ndipo malo ake anayamba kulandira ana onyentchera kwambiri. Pakati pa 2010 ndi 2015 analandira ana 940, ndipo 105 mwa iwo anamwalira. Akuluakulu a zaumoyo anatseka malowo mu 2015. Mu 2019 amayi awiri amene ana awo anamwalira anakasuma kukhoti ponena kuti ankakhulupirira kuti Bach ndi dokotala. Iye anakana kuti anadzitchapo dokotala, ndipo anati ankathandizira ogwira ntchito zachipatala a ku Uganda komanso kuti ana ambiri ankafika atafooka kale. Mlanduwo unatha mu 2020 pa mgwirizano wa kunja kwa khoti, pamene mayi aliyense analandira ndalama za ku Uganda zokwana 35 miliyoni popanda wina kuvomera kulakwa. Kunyentchera koopsa ndi limodzi mwa matenda amene chithandizo cholakwika chimapha msanga, chifukwa mtima wa mwana wotere umalephera akapatsidwa madzi ambiri a m'diripi. Chimene chinakwiyitsa anthu ambiri a ku Uganda chinali funso lakuti kodi munthu wakuda wopanda chiphaso akanaloledwa kuchita zomwezo ku America ngakhale kwa tsiku limodzi. Koma palinso mbali ina imene oikira kumbuyo odzipereka amaitchula: kumene namwino mmodzi akuyang'anira wodi yonse usiku, ndi ogwira ntchito eniake amene nthawi zina amapempha mlendo kuti agwire ntchito yoposa maphunziro ake, ndipo makolo amathamangira kwa mzungu poganiza kuti aliyense wa khungu loyera ndi dokotala.

Kupempherera wodwala ndi kumutembenuza

Apa ndi pamene nkhaniyi imavuta kwambiri, chifukwa wodzipereka wachikhristu amapita chifukwa cha chikhulupiriro chake ndipo sangachisiye pachipata. Pali zinthu ziwiri zimene zimafanana poziona koma n'zosiyana. China ndi chisamaliro chauzimu, chimene chimayambira pa zimene wodwalayo akufuna: ngati ndi Mkatolika wofuna kudzozedwa amaitaniridwa wansembe, ngati ndi Msilamu amaitaniridwa shehe, ndipo ngati safuna pemphero amasiyidwa mwaulemu. China ndi kulalikira ndi cholinga choti wodwalayo asinthe chipembedzo chake.

Maphunziro a abusa a m'zipatala anayamba mu 1925 ku Worcester State Hospital m'dziko la America pansi pa Anton Boisen, m'busa amene iye mwini anagonekedwapo chifukwa cha matenda a muubongo. Lero gawo limodzi la maphunzirowa limatenga maola 400, ambiri mwa iwo pawodi moyang'aniridwa, ndipo chimene amatsindika ndi kumvetsera koposa kulankhula. Chifukwa chake n'chakuti munthu wogona pabedi alibe ufulu wonse wokana. Sangadzuke n'kuchoka, ndipo akhoza kuopa kuti akakana pemphero la amene akumusambitsa kapena kumulipirira mankhwala, chithandizocho chichepa. Mu 1994 bungwe la Red Cross pamodzi ndi mabungwe ena othandiza pangozi, kuphatikizapo a mipingo, anagwirizana pa mfundo yakuti thandizo lisagwiritsidwe ntchito pofalitsa chipembedzo kapena ndale. Mu 2011 bungwe la World Council of Churches, nthambi ya ku Vatican yoona za ubale ndi zipembedzo zina, ndi World Evangelical Alliance anatulutsa chikalata chimodzi chochenjeza Akhristu kuti asadyere masuku pamutu anthu ofooka ndi ofuna machiritso.

Akhristu ena savomereza malire amenewa. Iwo amati ngati munthu akukhulupiriradi kuti kuli moyo wosatha ndipo wodwala watsala ndi maola ochepa, kukhala chete ndiye nkhanza yaikulu, ndiponso kuti odwala ambiri mu Africa amapempha okha pemphero ndipo amadabwa ndi mlendo amene akuchita manyazi nalo. Ena amayankha kuti kutembenuka kwa munthu amene ali ndi mantha, ululu ndi mankhwala ogonetsa m'thupi n'kovuta kukutcha chisankho chake, ndipo kumasiyira abale mkangano wa mwambo wa maliro. Kwa ife a ku Zomba zimenezi si nkhani ya kutali, popeza pawodi imodzi pamagona Akhristu ndi Asilamu ochokera ku Machinga, ku Mangochi ndi m'boma lomwe lino, ndipo mlaliki akaima pakati n'kukweza mawu, onse amamva, ofuna ndi osafuna omwe. Palinso vuto lina limene anamwino athu amalidziwa bwino, la odwala amene anasiya kumwa ma ARV atauzidwa pa mapemphero kuti achira.

M'mayiko ena nkhaniyi ili m'malamulo. Ku Nepal lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limalanga wotembenuza anthu ndi ukaidi wofika zaka zisanu, ndipo zigawo zingapo za India zili ndi malamulo ofanana nalo. Graham Staines wa ku Australia, amene anatumikira akhate ku Odisha kwa zaka zoposa 30, anawotchedwa m'galimoto pamodzi ndi ana ake awiri mu January 1999 ndi gulu limene linkamunena kuti akutembenuza anthu.

Ngozi, ndalama ndi zikalata

Wokhala pafupi ndi odwala mwakayakaya akhoza kutenga chifuwa chachikulu, komanso akhoza kutenga matenda a chiwindi kapena HIV akabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mankhwala oteteza ku HIV amathandiza pokhapokha atayambidwa pasanathe maola 72. Mliri wa Ebola wa 2014 mpaka 2016, umene unapha anthu oposa 11,000 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, unaonetsa poyera kuti ngozi ikagwa anthu salandira chithandizo chofanana. Dokotala Kent Brantly ndi Nancy Writebol, mmishoni amene ntchito yake inali yopopera mankhwala ophera tizilombo pa zovala za otuluka m'wodi, anadwala pachipatala cha ELWA ku Monrovia, anapatsidwa mankhwala oyeserera a ZMapp, anatengedwa pandege kupita ku Atlanta ndipo anachira. Wansembe Miguel Pajares anatengedwa kupita ku Madrid kumene anamwalira, pamene sisitere Chantal Pascaline wa ku Congo, amene ankagwira naye ntchito pachipatala chimodzi, anatsala ku Monrovia n'kufera komweko. Mmalawi wofuna kupita kunja ayenera kufunsiratu kuti akadwala adzamusamalira ndani ndipo adzalipira ndani.

Za ndalama mfundo yake ndi yachidule. Mtengo wa tikiti ya ndege ya munthu mmodzi wochokera ku America ukhoza kulipira namwino wa kuno kwa miyezi ingapo. Otsutsa maulendowa amati ndalamazo zingotumizidwa, pamene owakonda amati anthu ambiri sapereka kanthu ku chipatala chimene sanachionepo, ndipo amene anafikako ndi amene amadzakhala othandiza kwa zaka zambiri.

Kwa wochokera kuno chipata chimakhala chopapatiza. Dziko la Britain, mwachitsanzo, lili ndi visa ya ogwira ntchito zachifundo yosapitirira miyezi 12, imene imafuna kalata yochokera ku bungwe lovomerezeka ndi boma lawo ndipo siilola kulandira malipiro. Zipatala za kumeneko zimafunanso umboni wa kupolisi wosonyeza kuti munthuyo alibe mlandu asanamulole kuyandikira odwala. Aliyense wolonjeza ulendo wa utumiki koma n'kumafuna ndalama zambiri patsogolo, kapena wofuna kusunga pasipoti ya mnzake, ayenera kukayikiridwa, makamaka titamva zimene amayi a ku Malawi anakumana nazo ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso loyamba ndi la nthawi. Makolo athu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma anatinso mlendo ndi mame, ndipo onse awiri amaoneka pawodi. Palibe mgwirizano pa kutalika kwa nthawi imene munthu ayenera kukhala kuti phindu lake lipose ntchito yomulandira, yomumasulira ndi yomuyang'anira, imene imagwera anamwino otanganidwa kale. Sizikudziwikanso bwino kuti zimamuchitira chiyani wodwala, makamaka mwana, kuzolowerana ndi munthu amene achoke pakatha masabata awiri n'kubwera wina.

Lina ndi la chilankhulo. Munthu amene ali pafupi kufa amalankhula mophiphiritsa, amatchula ulendo, amafunsa za munda kapena za m'bale amene anayambana naye, ndipo n'zokayikitsa ngati zimenezi zingadutse mwa womasulira osatayika. Komabe alipo odwala amene amaulula kwa mlendo zimene sangauze wachibale, chifukwa akudziwa kuti mlendoyo sadzazifikitsa kumudzi. Nanga pamene banja lapempha kuti wodwala asauzidwe kuti sachira, monga zimachitikira kawirikawiri kwathu kuno, wodzipereka wochokera kumene wodwala amauzidwa zonse atsatire mwambo uti?

Palinso nkhani ya zithunzi. Mipingo yotumiza anthu imafuna umboni woti ionetse opereka ndalama, ndipo nkhope ya wodwala wa ku Zomba ikhoza kupezeka pa Facebook kutsidya kwa nyanja mwini wake asakudziwa, chinthu chimene zipatala za kwawo kwa wojambulayo sizingalole. Kodi chilolezo cha munthu wofooka chotero, kapena cha gadiyani amene akuyembekeza thandizo, n'chilolezo chenicheni?

Ndipo pamene zinthu zalakwika, sizidziwika bwino kuti woyankha mlandu ndi ndani pakati pa mpingo umene unatumiza, chipatala chimene chinalandira ndi boma limene linapereka chilolezo cholowera, makamaka ngati wodziperekayo wakwera kale ndege. Mabungwe olembetsa madokotala ndi anamwino ali ndi mphamvu pa anthu a ntchito zawo, koma wothandizira wamba sali m'kaundula wa bungwe lililonse. Mipingo ya kuno imene yayamba kuganiza zotumiza anthu ake kunja ikuyembekezeredwa ndi mafunso omwewa, kuwonjezapo lakuti ngati namwino wa ku Zomba akatumikire odwala a ku Ulaya kwaulere, wodi imene wasiya itsala ndi ndani.